iNaturalist ndi zamoyo zolanda malo: zimene foni imaona ndi zimene singaone

Ngati ndinu munthu amene mukaona duwa losalidziwa mumaima n'kuyamba kulizungulira, iNaturalist ikusangalatsani. Ndi pulogalamu ya pafoni, iliponso pa intaneti, yaulere ndiponso yopanda zotsatsa malonda. Mumajambula chomera, mbalame, kachilombo kapena bowa, n'kutumiza chithunzicho, ndipo pulogalamuyo pamodzi ndi anthu ena amakuthandizani kupeza dzina lake. Ambiri oiyamikira amathera pomwepo. Ine ndinaiika pafoni ndili ndi funso lina. Kodi ingathandize munthu wamba kuzindikira zamoyo zochokera kwina zimene zikulanda malo a eni nthaka, n'kumvetsa mmene zikuwonongera? Ndayenda nayo m'dzinja ndi m'chilimwe momwe, ndipo ndaona kuti mbali imodzi ya ntchitoyi imaigwira bwino kuposa buku lililonse limene ndinaligwirapo. Mbali inayo siingaithe, ndipo kwa ine ndiyo yaikulu.

Inayamba mu 2008 ngati ntchito ya kusukulu ya ophunzira atatu a pa yunivesite ya California ku Berkeley, mmodzi mwa iwo ndi Ken-ichi Ueda. Mu 2014 inalowa m'manja mwa California Academy of Sciences, mu 2017 bungwe la National Geographic Society linadzagwirako, ndipo kuyambira 2023 ndi bungwe loima palokha, losafuna phindu. Zimene anthu atumizamo zadutsa kale 200 miliyoni.

Kagwiridwe kake n'kosavuta. Chithunzi chikalowa, kompyuta imakupatsani mayina angapo amene ikuganizira, potengera maonekedwe komanso zimene ena anazionapo pafupi ndi pamene mwaimapo. Mukasankha limodzi nkhani siithera pomwepo. Chithunzicho chimapita pagulu, ndipo aliyense wodziwa chinthucho akhoza kuvomereza kapena kutsutsa. Anthu awiri kapena ochulukirapo akatchula mtundu wake, ndipo ogwirizana akaposa magawo awiri mwa atatu, chimapatsidwa chizindikiro cha Research Grade, ndiye kuti ofufuza angachigwiritse ntchito. Zambiri mwa zimenezi zimakathera ku GBIF, nkhokwe ya zolembedwa za zamoyo za dziko lonse, imene likulu lake lili ku Copenhagen, ku Denmark. Kumene kulibe netiweki mumangojambula n'kusunga, mudzatumiza mukafika pabwino.

Pa lantana, chitsamba cha maluwa chimene chalanda malo m'mayiko ambiri, pulogalamuyi siichedwa n'komwe. Tsinde lake n'langodya zinayi, lili ndi timinga tokhota tokonda kukola zovala. Tsamba n'lokhakhala, ndipo mukalifikisa pakati pa zala limasiya fungo lamphamvu losachoka msanga. Timaluwa take timaunjikana pamutu umodzi, tapakati tachikasu, tam'mbali tapinki kapena tofiirira, chifukwa duwa lililonse limasintha mtundu likamakula. Tizipatso timayamba tobiriwira, tikapsa tida bii, mbalame n'kumatidya n'kukataya njere kutali. Mukaloza kamera pamutu wa maluwawo, dzina lakuti Lantana camara limatulukira pamwamba, ndipo m'madera ambiri pamabweranso chizindikiro chosonyeza kuti chomerachi si cha konkuno, chinachita kubwera ndi anthu. Kwawo kwenikweni ndi ku Central ndi South America. Anthu anachifalitsa okha, pochikonda chifukwa cha maluwa ndi mpanda wosalowa chiweto.

Chizindikiro chimenechi n'chothandiza, koma n'chosavuta kuchimva molakwika. Chimangonena kuti chinthucho n'chobwera. Sichinena kuti n'chowononga. Chimanga kwawo ndi ku Mexico, mbatata yakachewere kwawo ndi ku mapiri a Andes, ndipo zonsezi zili m'makontinenti ena kwa zaka mazana ambiri osalanda nkhalango ya wina aliyense. Mukasiya kulima chimanga, sichingakhalitse chokha kutchire. Lipoti limene IPBES, bungwe la mayiko lounika za zamoyo ndi chilengedwe, linatulutsa mu September 2023 linapeza kuti mitundu ya zamoyo yoposa 37,000 yakhazikika kunja kwa kwawo chifukwa cha zochita za anthu, koma yodziwika kuti ndi yowononga ndi yoposa pang'ono 3,500. Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo alendo ambiri a m'chilengedwe amaterodi: amafa ndi kuzizira, ndi chilala, kapena kusowa mnzawo wobereka naye. Ena amakhala koma osasowetsa mtendere wina aliyense. Ochepa okha ndi amene amakhazikika, kuberekana popanda dzanja la munthu, kufalikira, kenako n'kuyamba kukankha eni nthaka. Koma ochepawo si masewera. Lipoti lomwelo linati anathandizira pa 60 peresenti ya kutha psiti kwa mitundu ya zomera ndi nyama kumene kunalembedwa, pa 16 peresenti anali okhawo olakwa, ndipo mu 2019 anawonongetsa ndalama zoposa madola 423 biliyoni a ku America.

Nanga ochepawo amasiyana bwanji ndi anzawo? Apa pulogalamu siikuphunzitsani mwachindunji, koma mukamajambula chinthu chimodzi nyengo zosiyanasiyana mumayamba kuziona nokha. Namasupuni, amene lipoti lija linati ndiye wafalikira kwambiri padziko lonse, lantana n'kukhala yachiwiri, khoswe wakuda wachitatu, ndi chitsanzo chabwino. Mukamuvuula m'madzi muona kuti phesi la tsamba lililonse n'lotupa, m'kati mwake muli mpweya, ndiye chifukwa chake samira. Mizu yake ndi yakuda, ya timizu tambirimbiri ngati nthenga, yongolendewera m'madzi osagwira pansi. Duwa lake n'lokongola zedi, lotuwira kubuluu, ndi kadontho kachikasu pa tsamba lapamwamba la duwalo, ndipo kukongola kumeneku n'kumene kunamutulutsa kwawo ku Amazon, ku South America, n'kumufikitsa m'maiwe a maluwa a mayiko akutali. Sadikira njere kuti achuluke. Amatulutsa timphukira m'mbali, kamphukira kalikonse n'kukhala chomera pachokha, moti madzi akakhala ofunda ndi odzaza manyowa ochokera m'minda ndi m'zimbudzi za m'matauni, amatha kuchuluka kawiri m'milungu iwiri yokha. Njere zake nazo zimagona m'matope zaka zoposa 20 zili moyo. Kubereka msanga, kubereka kwambiri, kusasankha malo, kupirira: zimenezi mudzazipeza mwa zolanda malo zambiri.

Koma chachikulu n'chakuti mlendoyo amabwera yekha, adani ake atatsala kwawo. Ku Amazon namasupuni ali ndi tizilombo tomudya ndi matenda omufooketsa, ndiye amakhala chomera wamba pakati pa zinzake. Atafika m'nyanja ya Victoria chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 sanapeze womuletsa. Pofika cha m'ma 1998 anali ataphimba mahekitala zikwizikwi, kutseka doko la Kisumu ku Kenya, kutsekereza mabwato a asodzi ndi kusokoneza makina opangira magetsi ku Jinja, ku Uganda. Pansi pa mphasa yotereyo kuwala sikulowa, zomera za m'madzi zimafa, zowola zimamaliza okosijeni, nsomba n'kuthawa kapena kufa. Chimene chinathandiza kumugwetsa ndi kukatenga adani ake akale, tizilombo ta mitundu iwiri ta banja la anankafumbwe totchedwa Neochetina, timene timadya masamba pamene mphutsi zake zimaboola phesi. Mvula yamphamvu ya El Niño ya 1997 ndi 1998 inawonjezerapo. Sanatheretu, amabukanso mpaka pano.

Kumene iNaturalist imandigwira mtima ndi pa mapu. Mukatsegula tsamba la mtundu uliwonse mumaona timadontho pa malo onse amene anthu anauonapo, ndipo mutha kusefa ndi chaka. Zolanda malo zambiri zimayamba mwakachetechete, zimakhala zaka zambiri pakona imodzi osaoneka ngati vuto, kenako n'kudzabuka. Nthawi yachete imeneyo ndi yokhayo imene kuzichotsa kumakhala kotheka ndi ndalama zochepa, ndipo palibe boma limene lili ndi alangizi okwanira kusuzumira m'munda uliwonse wa maluwa. Mu 2018 munthu wina ku Toronto, ku Canada, anajambula gulugufe wausiku woyera wa m'mphepete mwakuda n'kumuika pa iNaturalist. Anapezeka kuti ndi Cydalima perspectalis, wa ku East Asia, amene mbozi zake zinali zitakwangwanula kale mitengo ya boxwood ku Ulaya, ndipo aka kanali koyamba kumuona ku North America. Mu 2020 zinachitikanso ku Quebec, ku Canada komweko, pamene wina anajambula tsamba la mtengo wa elm lodyedwa mokhotakhota, n'kupezeka kuti ndi kachilombo kena ka ku Asia kamene kanali kasanalembedwepo m'kontinentiyo. Anthu amenewa sanali pa ntchito ya boma. Anangoona chachilendo n'kujambula. Pa chifukwa ichi chokha ndimati pulogalamuyi ndi yofunika kukhala nayo.

Tsopano mbali imene siingaithe. Pulogalamuyi imalemba zimene zilipo. Kuwononga kwa zolanda malo kumaonekera pa zimene kulibenso, ndipo chinthu chimene kulibe simungachijambule.

Ganizirani za chilumba cha Guam, m'nyanja ya Pacific. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, njoka yofiirira ya m'mitengo yotchedwa Boiga irregularis inafika kumeneko itabisala m'katundu wa asilikali. Mbalame za pachilumbacho zinali zisanakhalepo ndi njoka yokwera m'zisa usiku, ndiye sizinkadziwa kudziteteza. Mitundu 10 mwa 12 ya mbalame za m'nkhalango inatha. Mukanakhala kumeneko ndi foni, mukanajambula njokayo, dzina likanabwera, chizindikiro chakuti ndi yobwera chikanaoneka, basi. Sichikanakuuzani kuti akangaude achuluka chifukwa owadya kulibe, mpaka ofufuza kupeza kuti m'nyengo ya mvula maukonde awo ndi ochuluka kuwirikiza 40 poyerekeza ndi zilumba zoyandikana nazo. Sichikanakuuzani kuti njere za mitengo zikungogwera patsinde pa mayi wake chifukwa palibe mbalame yozinyamula, moti pa mitundu iwiri ya mitengo imene inafufuzidwa, kumera kwa mitengo yatsopano kunatsika ndi pakati pa 61 ndi 92 peresenti. Njoka siidya mtengo, koma nkhalango ikusintha chifukwa cha iyo. Nkhani ya Guam imandipweteka nthawi zonse ndikaiganizira, chifukwa mitengo ikuluikulu idakali chiimire, ndipo wodutsa ndi kamera angabwereko akunena kuti zonse zili bwino.

M'madzi n'zovuta koposa. Nsomba ya Nile perch inaikidwa dala m'nyanja ya Victoria m'zaka za m'ma 1950 kuti usodzi ukule. Inakhala phee kwa zaka zambiri, n'kudzachuluka modabwitsa m'ma 1980. M'nyanjamo munali mitundu pafupifupi 500 ya tinsomba ta banja limodzi ndi mbuna, yosapezeka kwina kulikonse padziko, uliwonse ndi kadyedwe kake: ina yopala ndere pamiyala, ina yophwanya nkhono, ina yodya tizilombo. Akatswiri amati mitundu pafupifupi 200 inasowa, Nile perch ndi kuipa kwa madzi zitathandizana. Palibe woyenda m'mbali mwa nyanja akanaziona izi. Chimodzimodzi nkhungu yotchedwa chytrid imene imagwira khungu la achule: kafukufuku wa mu 2019 anaigwirizanitsa ndi kuchepa kwa mitundu pafupifupi 500 ya achule ndi abale awo, 90 mwa iyo ikuganiziridwa kuti inatheratu. Kamera ya foni siingaione n'komwe.

Ngakhale pa lantana, imene pulogalamuyi imaidziwa mosavuta, chithunzi cha duwa sichinena chilichonse cha mlandu wake. Mlandu uli pansi. Mukawerama n'kusuzumira m'kati mwa chitsamba chowirira mupeza mdima, masamba ouma, nthaka yambee, popanda udzu kapena kamtengo kakang'ono kamene kakudzalowa m'malo mwa mitengo yokalamba. Imaphimba kuwala, imatulutsa mankhwala olepheretsa njere zina kumera, ndipo masamba ake ali ndi poizoni wowononga chiwindi cha ng'ombe ndi nkhosa, chiweto n'kuyamba kusupuka khungu chikakhala padzuwa. Mukaitema imaphukiranso pachitsa. Ndiye ine ndimajambula motere: duwa ndi tsamba pafupi kuti dzina lidziwike, kenako ndimabwerera m'mbuyo n'kujambula dera lonse kuti kukula kwa chitsambacho kuoneke, kenako pansi pake. Pamalo olembapo ndemanga ndimalemba zimene zamera m'mbali ndi zimene sindikuziona m'kati. Ndimajambulanso eni nthaka a pamalopo, ngakhale timaudzu tosaoneka bwino, chifukwa tsiku lina munthu akadzafuna kudziwa chimene chinalipo lantana isanafike, umboni wake udzakhala timadontho timeneto. Ndikanakonda pulogalamuyi ikanamakumbutsa anthu zimenezi, chifukwa ambiri amajambula zokongola ndi zachilendo, zodziwika n'kuzidumpha.

Palinso za kulondola kwa mayina. Kompyuta imaphunzira kuchokera pa zithunzi zimene anthu atumiza, ndipo zambiri zimachokera ku North America, ku Ulaya ndi ku Australia. Chotsatira chake n'chakuti zamoyo zofala padziko lonse, kuphatikizapo zolanda malo zotchuka, imazidziwa bwino, koma eni nthaka a m'madera amene otumiza ndi ochepa imawadziwa pang'ono. Apa pali ngozi. Chomera cha m'deralo chofanana ndi mlendo wotchuka chikhoza kupatsidwa dzina la mlendoyo. Kumwera kwa Africa kuli Lantana rugosa, mbadwa yeniyeni, yopanda minga, ya timaluwa tapinki totuwira ndi tizipatso tapepo. Wozula mopupuluma akhoza kuphera limodzi. Ku Australia zoterezi zimachitika ndi achule. Chule wamkulu wa poizoni, cane toad, anthu anabwera naye dala mu 1935, achule 102 ochokera ku Hawaii, kuti adye tizilombo ta m'minda ya nzimbe ku Queensland. Tizilomboto sanatithe, m'malo mwake anafalikira kumpoto konse kwa dzikolo, wamkazi mmodzi akuikira mazira mpaka 30,000 nthawi imodzi, ndipo ng'azi, njoka, ng'ona za m'mitsinje ndi tinyama totchedwa quoll zikamudya zimafa. Anthu amadana naye ndi chifukwa chomveka, koma pomusaka amaphanso achule a mbadwa owoneka ngati iye. Choncho dzina loyamba limene foni yakupatsani musalitenge ngati chigamulo. Ngakhale chizindikiro cha Research Grade chimatheka ndi anthu awiri okha, ndipo wachiwiriyo akhoza kungovomereza zimene woyamba wanena. Dinani pa dzina la wovomerezayo muone ngati ndi munthu amene amadziwadi gulu limenelo. Akatswiri enieni alimo ambiri, ndipo mukawafunsa mwaulemu amayankha, nthawi zina mpaka kukuuzani mbali ya chomera imene mukajambulenso.

Chinthu china chimene ndimachiona mbali ziwiri ndi lamulo la zobzala. Chomera chimene munthu anabzala kapena nyama yoweta muyenera kuichonga kuti si yakutchire, ndipo ikatero imachoka pa mndandanda wa zofunika kuzindikiridwa, anthu ochepa n'kumaiyang'ana. Cholinga chake n'chomveka, mapu a zakutchire asadzaze ndi maluwa a m'miphika. Koma zomera zambiri zolanda malo zinayambira m'minda ya maluwa momwemo, monga lantana ndi namasupuni. Mphindi yofunika kwambiri ndi pamene chomera chadumpha mpanda, kambewu kamera kokha m'ngalande kapena m'mbali mwa msewu. Kameneko ndi kakutchire, musakachonge ngati kobzala, ndipo lembani kuti mayi wake ali m'munda wapafupi.

Pofuna kudziwa ngati chobwera chimene mwapezacho n'chowononga, muyenera kutuluka mu iNaturalist. Global Invasive Species Database, nkhokwe ya pa intaneti ya IUCN, bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe, ndi mabuku a pa intaneti a CABI, bungwe lofufuza za ulimi ndi chilengedwe, amafotokoza kumene mtundu unachokera, njira imene unadzera, zimene wawononga kwina ndi mmene anthu ayeserapo kuuthana nawo. Mbiri ya kwina ndiyo chenjezo lodalirika: chimene chinalanda malo m'dziko lina la nyengo yofanana ndi yanu muzichiyang'ana ndi diso lakuthwa. Pl@ntNet, pulogalamu ina yochokera ku France, ndi yabwino poyerekezera mayina a zomera, ngakhale siikhudza nyama. Kwa ana kuli Seek, ya eni ake a iNaturalist omwewo, yosafuna kulembetsa, imene imatchula dzina kamera ikadali choloza.

Za malo muzisamala. Chithunzi chilichonse chimasonyeza pamene munajambulira, ndiye ngati ndi pakhomo panu sankhani kubisa malowo, pulogalamuyo imangosonyeza dera lalikulu. Pa zamoyo zimene zili pangozi yakutha imabisa yokha, kuopa opha nyama mozemba ndi ozula zomera kukagulitsa. Koma pa cholanda malo chimene mwachipeza pamalo apoyera, siyani kadonthoko paja penipeni, kuti wobwera kudzachotsa asasochere.

Ndipo musaganize kuti mukatumiza chithunzi ndiye kuti mwauza boma. M'mayiko ena muli ogwira ntchito amene amayang'anira zimene zikulowa pa iNaturalist, koma si konse. Mukapeza chinthu chimene mapu akusonyeza kuti sichinaonekepo m'dera lanu, ndipo odziwa avomereza dzina lake, pitani nokha kwa a zaulimi, a zankhalango kapena a zausodzi, muwaonetse chithunzi ndi malo ake. Chinthucho musachinyamule chamoyo kupita nacho kwina. Ngati mwavuula namasupuni kuti mujambule mizu, musamubwezere m'madzi ena, muponyeni patali pouma kuti apse ndi dzuwa, ndipo musanachoke pamalopo yang'anani njere zimene zakakamira ku nsapato ndi m'mapindiro a thalauza.